Dokotala Phiri Wogulitsa Agalu Ndinali Ine

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene tinagulitsa mbuzi yathu yomaliza kuti tigule feteleza, feteleza yemwenso mvula inadzamukokolola. Ndinauza mlongo wanga Esinati kuti ine kwa Kanduku kwandikwana. Sanandiletse. Mwamuna wake, alamu anga a Dyson, anandinyamulira chikwama mpaka pa malire, njira yonse akundilangiza ngati kuti iwo anapitako.

Ntchito imene ndinapeza inali yosamalira agalu. Bwana wanga ankaweta agalu akuluakulu olondera aja n'kumagulitsa ana ake. Ine wokolopa makola, ine wosambitsa, ine wotola zonyansa. Agaluwo ankadya bwino kuposa ine, ndipo wina akangotsokomola dokotala ankabwera tsiku lomwelo. Za ntchitoyo sindidandaula mpaka lero. Chinkandipweteka ndi kusowa wocheza naye. Sabata inkatha ndisanalankhule Chichewa ndi munthu, mpaka agalu aja anayamba kumva ndikati "khala pansi".

Ndalama ndinkatumiza mwezi umene zapezeka, ndipo yankho linkakhala limodzi: "Talandira." Koma tsiku lina ndinatumiza chithunzi nditanyamula tiana titatu ta agalu, a Dyson n'kuyankha nthawi yomweyo. "Alamu, mukuoneka bwino! Tumizaninso china, muime pafupi ndi khola." Kuyambira pamenepo sabata sinkatha osandifunsa. Jambulani kavidiyo akudya. Jambulani make. Mumwetulireko, alamu. Ine chitsiru ndinkamwetulira, ndikumati kumudzi andisowa.

Kumeneko ndinaona momwe galu amagulidwira. Wogula ankabwera yekha, kuona kamwanako kali ndi make, kuwerenga kabuku ka katemera, kenako n'kulipira. Wakutali ankaimba foni ya vidiyo, bwana n'kumuonetsa galuyo akuyenda nthawi yomweyo. Bwana ankadandaulanso za akuba amene amatola zithunzi za eni ake pa intaneti n'kumagulitsa agalu omwe alibe. Ine ndinkaseka, ndikumati izo n'za anthu a ndalama zosowa nazo chochita.

Patatha zaka zinayi ndinabwerera. Nditangotsika basi pa malire a Mwanza, fumbi la ku Zobue likadali m'mphuno, mayi wina anagwira lamba wa chikwama changa.

"Dokotala Phiri! Lero ndiye Mulungu wandikonda. Galu wanga ali kuti?"

"Mayi, ine ndine Lusiyano wa kwa Kanduku. Udokotalawo ndautenga kuti?"

Anatulutsa foni. Ndinali ine, mu ovolosi yanga yabuluu, tiana titatu tija tili m'manja, pamwamba atalemba kuti dokotala wa ziweto akugulitsa agalu olondera pamtengo wachifundo. Osintha ndalama ndi madalaivala a mathiraki anayamba kutizungulira. Dalaivala wina anati nkhopeyi nayenso akuidziwa, ndipo anayamba kupinda manja a malaya.

Mayiwo anali a Zuze, a golosale pa malire pomwepo. Akuba anawathyolera kawiri, ndiye ankafuna galu woopsa. Anatumiza kaye ndalama ya chikole pafoni. Kenako dokotala uja anati pakufunika ya khola loyendera. Kenako ya katemera. Kenako akuti galu wagwidwa pa malire, pakufunika ya chiphaso. Miyezi itatu inatha galu osaoneka.

Apa ndiye ndinapsa mtima, ngakhale wozunguliridwa ndinali ine. "Pa malire ake ati, mayi? Si pomwe pano mumagulitsa shuga? Munalephera kuwoloka msewu kukafunsa ngati kuli galu? Galu wamtundu umenewu angagulidwe mtengo wa mbuzi? Munamuimbirapo vidiyo munthuyo?"

"Amati netiweki ikuvuta."

"Miyezi itatu yathunthu, netiweki?"

"Musandikalipire, bambo inu. Wakuba ndinu, wokalipanso ndinu nomwe?"

Ndinapempha kuti andionetse dzina limene foni inkaonetsa akamatumiza ndalamazo. Silinali la Phiri, ndipo chimenechi chokha chikanawadzutsa kalekale. Linali la Esinati. Ndinangokhala pa chikwama changa. Ndikanatha kunena kuti dzinalo sindikulidziwa, koma dalaivala uja anali ataima pamutu panga, ndipo nkhope ya pafoniyo inali yanga. Ndinanena pamaso pa gulu lonse kuti ameneyo ndi mlongo wanga wabere limodzi.

Tinakwera njinga zamoto ndi mayi Zuze mpaka kwa Kanduku. A Dyson atationa patali analowera kuseri kwa phiri, mpaka lero sanatulukire. Esinati sanakane kanthu.

"Foni ndi yanga, nzeru ndi zawo. Nanga tikanatani, achimwene? Inu mumatumiza zithunzi kawirikawiri kuposa ndalama."

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina sindingazilembe. Nkhani inapita kupolisi, ndipo ine ndinakaima pa msika wa Mwanza boma kujambula kavidiyo ndi nkhope yomweyi, kuuza anthu kuti sindine dokotala, sindigulitsa agalu, ndipo galu amene simunamuone ndi maso anu musamutumizire ngakhale tambala. Komabe mpaka pano ndikamadutsa pa malire pamakhala wina wokuwa, "Dokotala, agalu afika?" Zimandinyansa kwambiri. Ndinachoka kuno ndili wosauka koma dzina langa lili loyera.

Tsiku lija pochokera kwa Kanduku, tikudikira njinga pamsewu, mayi Zuze anali akuyang'anabe zithunzi zija. Anaima pa china n'kundionetsa.

"Apa munkadwala, eti? Taonani khosi ili, mafupa okhaokha."

Zinali zoona. Mwezi umenewo ndinagona ndi chifuwa masabata atatu, ndekha m'kachipinda kakuseri kwa makola, ndipo ndinadzuka kukajambulitsa chifukwa alamu anali atapempha. Chithunzicho chitafika kwathu, yankho linali lakuti ndizisuntha pang'ono, ndikutchinga agalu. Mayi Zuze anachiyang'anitsitsa miyezi itatu kuti adzandigwire, ndipo mwa anthu onse a ku Mwanza ndi iwo okha anaona kuti ndinaonda.