Timitengo Tiwiri M'thumba la Jekete

Achikulire oyandikana nafe nyumba kuno ku Detroit manja awo sakhala phee. Chitseko, tebulo, chiwongolero cha galimoto, zonsezi kwa iwo ndi ng'oma, poti ntchito yawo ndi yoimba ng'oma m'gulu la oimba. Khutu lamanzere linagontha kalekale ndi phokoso la nyimbo za rock, koma sadandaula. Amaimbanso pakamwa, ndipo m'mafilimu amakonda kuwapatsa mbali ya chigawenga chofa msanga.

"Wagitala azidzitama kutsogoloko," amatero, "koma nyimbo siyamba ine ndisanalole."

Atamwalira Lonnie, mnzawo wagitala amene ankakangana naye tsiku ndi tsiku, mkazi wake anawapempha kuti alankhulepo m'tchalitchi.

"Alamu, musatichititse manyazi ndi nthabwala zanu zija," anawanong'oneza.

"Mtima m'malo, alamu."

Anakaima pafupi ndi bokosi, natulutsa timitengo tawo tiwiri toimbira ng'oma m'thumba la jekete. Anatigundanitsa kanayi, monga amachitira poyambitsa nyimbo iliyonse: kha, kha, kha, kha. Kenako anangoima n'kumadikira. Tchalitchi chonse chinati zii.

"Apa ndi pamene Lonnie amalowera," anatero. "Zaka zonsezi, lero ndi koyamba kuti achedwe."