Mabotolo Anga Osaona Sopo

Zaka zimene ndinkasamala labu ya sayansi pasukulu ina ya sekondale cha ku Malindi, ndinalibe pepala lililonse, koma mchere unkandimvera. Ndinkawiritsa madzi a mvula, n'kuthiramo mchere mpaka utakana kusungunuka, n'kusefa pansalu, n'kulendewetsa ulusi m'botolo. Botololo ndinkalitsekera m'kabati. Pakatha masabata atatu, pa ulusi pankamera kamwala ka ngodya zake bwinobwino, koonekera ngati galasi. Sopo sankayandikira mabotolo anga. Katsalire kake, ngakhale kochepa, kamafewetsa khungu la pamwamba pa madzi, madziwo amayamba kukwawa m'mbali mwa botolo, mchere n'kuuma ngati chikanga.

Kenako kunabwera aphunzitsi a sayansi ochokera ku Lilongwe, digiri pakamwa, tayi pakhosi mu Okutobala wa ku Mangochi kuno. Ndinawanyoza tsiku lomwelo, ndipo sindinalape mpaka lero. Atanunkhiza mabotolo anga, anakauza ahedi kuti ndine wauve, ndichotsedwe ntchito likangodutsa tsiku la makolo. Ine ana atatu, bambo wawo anatsikira kulichete kalekale.

Zoonetsa makolo aphunzitsi aja anati akonza okha. Anatsuka mabotolo ndi sopo wa ufa, kutsukuluza kamodzi basi, n'kuthiramo madzi a pamjigo, aja amasiya zoyera mkati mwa ketulo. Atatero anayanika pawindo ngati usipa, ati zifulumire. Ndinawauza kuti mchere sufuna phuma. Anandiyankha m'Chingerezi.

Kunatuluka phala loyera, lomata mpaka kukamwa kwa botolo. Chisoni ndinalibe m'pang'ono pomwe.

M'mawa wa tsiku la makolo aphunzitsi aja anandipeza ndikusesa. Munthu amene ankandiitana kuti iwe ananditchula amayi, n'kufunsa motsitsa mawu ngati m'kabati mwatsala kanthu. Munali timiyala tiwiri. Ndinati nditulutsa, koma akanene kaye kwa ahedi kuti mwini wake ndani.

Anakanenadi, thukuta lili kamukamu. Ahedi anayang'ana phala lija, n'kuyang'ana timiyala tanga.

"Mayi, inu muime patebulo, mufotokozere makolo," anatero ahedi. "Aphunzitsi akathandize kunyamula mabenchi."

Ndinafotokoza m'Chiyao, makolo akupatsirana kamwala m'manja. Zondichotsa sizinamvekenso. Mabenchi aja ananyamula onse, tayi ili pakhosi.