Dzina la Alcides M'chimbale cha Ivo

Pa Zóbuè, cha kumunsi kwa pamene malole amandanda kudikira mapepala olowera ku Malawi, panali kabaraka ka malata kopaka utoto wobiriwira umene unayamba kalekale kusupuka. Mwini wake anali Alcides, bambo wamtali wowonda, wa imvi za m'mbali mwa makutu. Ntchito yake inali yothira nyimbo. Woyendetsa lole ankabwera ndi foni kapena fulashi, n'kunena zimene mtima wake ukufuna, ndipo Alcides ankamuthirira kuchokera m'kompyuta yake yakale imene inkalira ngati chigayo ikangotenthedwa. Wofuna za kutchalitchi ankapeza, wofuna zogwedeza chiuno ankapezanso, ndipo nthawi zambiri anali munthu mmodzi yemweyo.

Alcides ankacheza ndi anthu ambiri pa tsiku kuposa wansembe, koma onse anali odutsa. Mapepala akatuluka, munthu ankadula nkhani pakati n'kuthamangira ku lole yake. Mkazi wake Rosária anamwalira kale, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Beira, ndipo kunyumba kunatsala iye ndi nkhuku. Madzulo ankatseka baraka mochedwa, osati chifukwa cha malonda, koma poti kunalibe chothamangira.

Chonyadira chake chinali chimodzi, ndipo aliyense amene anakhalapo pa benchi ya pabarakapo anachimva, afune asafune. Ivo Malasha, woimba rapu uja wa ku Maputo amene ana amakono amamutcha mdala wa zonse, anali mnzake wa Alcides.

Sikuti linali bodza. Anadziwana ali anyamata pa msasa wa othawa nkhondo ku Mwanza, kutsidya kwa malire. Kumeneko n'kumene anamva koyamba kaseti ya anthu olankhula mothamanga pamwamba pa ng'oma, ndipo mitu inawazungulira. Alcides ankamenya chidebe cha mafuta ophikira, Ivo n'kumalakatula za njala ndi mizere ya ufa. Nkhondo itatha anabwerera limodzi pa lole, n'kukachita lendi kachipinda ku dera la 25 de Setembro ku Moatize. Ankaimba m'masukulu ndi m'maukwati, akuluakulu n'kumapukusa mitu kuti ana awa ku Malawi anakadyako chiyani. Kenako Ivo anati tiye ku Maputo. Alcides anali atangokwatira, mayi ake akudwala, ndiye anati tsogola ndikupeza. Sanamupeze.

Oimba rapu ali ndi mwambo wawo. Nyimbo yomaliza ya chimbale imakhala yopereka moni, kutchula mayina a anzako mmodzimmodzi kuti dziko lidziwe kumene unachokera. M'chimbale choyamba Ivo anakuwa kuti, "Alcides wa pa Zóbuè, mbale wanga!" M'chachiwiri dzinalo linalimo koma cha kumapeto, pakati pa mayina achilendo. Kuyambira chachitatu linasowa. Ivo anadula phazi, nambala ya foni anasintha, ndipo zaka zinapita. Makaseti a zimbale zoyamba zija anatha n'chinyezi. Tsono Alcides akayamba nkhani yake, oyendetsa malole ankatsinzinirana maso.

Chilichonse chimene Ivo watulutsa, Alcides ankachimvera kuyambira poyamba mpaka pothera, khutu lili tcheru, kudikira dzina lake. Sankafuna ndalama za Ivo kapena kutchuka. Ankangofuna kudziwa ngati munthu yekhayo wotsala amene anamudziwa ali mnyamata akumukumbukirabe.

Chimbale chatsopano chinafika masana a tsiku lina lotentha, ndipo anabwera nacho ndi Constantino, woyendetsa lole ya feteleza, munthu wapakamwa amene ankamutcha Alcides kuti kunyadu, kutanthauza mlamu, ngakhale panalibe mlongo wa wina aliyense amene anakwatiwa.

"Kunyadu, ndakutengerani mnzanu uja," anatero akuponya fulashi patebulo. "Chatuluka dzana ku Maputo. Ine sindinachimve, wailesi ya m'lole mwanga inapsa. Tiyeni timve ngati lero akutchuleni."

"Ukhale pansi, ndipo pakamwapo utseke," anayankha Alcides. Analowetsa fulashiyo m'kompyuta.

Nyimbo yoyamba sinamukomere. Ng'oma zake zinali zija za makono, zolira pansi ngati lole yokwera chitunda, ndipo pamwamba pake panali tinthu tothetheka ngati mapira pa chiwaya. Mawu a Ivo anali atasasa. Sankathamanganso monga kale, ankaponda liwu lililonse mosamala ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala.

"Wakalamba," anatero Constantino.

"Wakhwima," anamudula Alcides, ngakhale mumtima anavomereza.

Yachiwiri inali yodzitama, Ivo akuuza anyamata atsopano kuti iye anayamba kuimba iwo asanamere mano. Alcides anamwetulira, chifukwa matama amenewo Ivo anabadwa nawo. Yachitatu munalowa kamnyamata koimba ndi mawu opindidwa ndi makina, ndipo Alcides anatsonya. Kenako kunabwera ina yokamba za fumbi la malasha la ku Moatize, mmene limadetsera zovala pachingwe ndi makhololo m'chifuwa, theka m'Chipwitikizi theka m'Chinyungwe. Pamenepo Alcides anayamba kugogoda tebulo ndi zala osadziwa.

"Iyi ndiye Ivo," anatero chapansipansi. "Zinazo wavala malaya a ana."

Anamva zonse mpaka kufika pa yomaliza. Constantino anasendera pafupi, nkhope ili yokonzekera kuseka. Koma nyimboyo sinayambe ndi phokoso la moni monga mwa nthawi zonse. Munalibe ng'oma za makina. Munangomveka chidebe, chidebe chenicheni cha malata, chikumenyedwa ndi manja. Alcides anawongoka pampando. Kenako Ivo anayamba, m'Chinyanja cha pamsasa chimene anali asanaimbemo kwa zaka zambiri:

"Alcides, mbale wanga wa pamzere wa ufa,
unandigawira phala, unandigawira mawu.
Usiku wa malungo unandifunditsa malaya ako,
iwe n'kugona osafunda pa mphepo ya ku Mwanza."

Constantino anatsegula pakamwa. "Kunyadu! Ndiye kuti zoona!"

Alcides sanamumve. Misozi inali italengeza kale, ndipo sanachite nayo manyazi. Malaya aja iye anali atawaiwala, koma Ivo anawasunga zaka zonsezi. Nyimbo inapitirira:

"Lero wagona pa Zóbuè, malole akudutsa osakupatsa moni.
Usa mumtendere, mbale wanga, ine ndatsala ndekha."

Chidebe chinamenyedwa pang'ono n'kuleka. M'baraka munatsala kulira kwa kompyuta basi.

Constantino anayamba kuseka, koma atayang'ana nkhope ya mnzakeyo kusekako kunamuthera m'kamwa. "Akuti mwafa?"

"Akuti ndafa."

Sizinavute kudziwa kumene mphekeserayo inachokera. Zaka ziwiri m'mbuyomo Alcides anadwala chifuwa chachikulu, n'kupita kwa mlongo wake ku Kambulatsitsi kuti akamusamale. Baraka anaisiya m'manja mwa Sebastião, wokonza mafoni woyandikana naye. Dzinja la chaka chomwecho Sebastião anagundidwa ndi galimoto n'kufera pomwepo. Pamsewu wa Tete nkhani imayenda ndi malole, ndipo imapepuka m'njira. Pochoka pa Zóbuè inali yakuti munthu wa pabaraka ya nyimbo wamwalira. Pofika ku Maputo inali itapeza kale dzina.

Constantino anali wachipongwe koma mtima anali nawo. Anatuluka panja n'kuyamba kuimba mafoni. Mlamu wake weniweni ankanyamula zokuzira mawu za oimba ku Maputo, ndipo mlamuyo anali ndi mnzake, mnzakeyonso anali ndi mnzake. Dzuwa lisanapendeke anabwerera akumwetulira, nambala ili pa foni.

"Imbani, kunyadu. Muukitseni munthu."

Alcides anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali. Anapukuta manja pa buluku, n'kuilandira. Inaitana, inaitananso, ndipo kenako kunamveka mawu osasa aja, kumbuyo kwake kuli phokoso la anthu.

"Ndani?"

"Ndine Alcides."

"Bambo, kaya ndinu ndani, dzina la malemu musamasewere nalo."

"Ndine ndemwe, Ivo. Amene anafa ndi Sebastião, wokonza mafoni. Ine ndinangodwala. Chidebe chija wamenyetsa ndani? Akuthamanga nacho, dzanja lamanzere likuchedwa."

"Mayo ine!" Ivo anakuwa mpaka Constantino anamva ali pakhomo. "Alcides! Iwe! Mulungu wanga!" Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Anauza anthu amene anali nawo kuti akhale chete, n'kubwereranso pa foni. "Ndinalira, mbale wanga. Ndinadzitsekera m'nyumba osadya. Nyimbo imene ija pojambula ndinkalephera kuimaliza, mawu ankanditsamwa."

Alcides anakhulupirira. Munthu sangapeke kulira kotero. Anacheza pang'ono, Ivo akufunsa za Rosária, n'kupepesa atamva kuti anapita. Anafunsa za mwana, anafunsa za mvula. Kenako nkhani zinayamba kuchepa, ndipo Alcides anafunsa chimene chinkamukanda mumtima chimvereni nyimboyo.

"Za imfa yangayi unamva liti?"

"Kale ndithu. Dzinja la dzana."

"Nanga unakapepesa kwa yani?"

Kwathu kuno maliro saphonyeka. Ukakhala kutali n'kulephera kufika tsiku loika, umabwerabe, kaya papita mwezi kaya chaka. Umakhala pamphasa ndi ofedwa, umapepesa, ndipo wina amakuperekeza kukaona pamene anagona mnzako. Ngakhale wosauka amabwereka njinga. Ivo ankazidziwa bwino zimenezi, anakulira momwemo.

"Ndinkafuna kubwera," anatero Ivo, mawu atatsika. "Ukudziwa mmene ntchito yathuyi ilili."

"Nthawi yozizira yapitayi unadzaimba ku Tete. Zithunzi zako zinamatidwa mpaka pa baraka yanga ino. Kuchoka ku Tete kufika pano ndi ulendo wa m'mawa umodzi pa minibasi."

Kumbuyo kunkamveka munthu akuitana Ivo m'Chipwitikizi kuti nthawi yakwana.

Alcides sanakweze mawu. Sanali wokwiya, ndipo zimenezo zinamudabwitsa iye mwini. Chimene anamva chinali chisoni chozizira, chija chimakugwira ukaperekeza mlendo n'kubwerera wekha.

"Ukanabwera kudzaona manda anga, Ivo, ukanandipeza ndili pampando. Ndikanakugulira fanta."

"Ndibwera, mbale wanga. Ndithu ndibwera. Tingomaliza maulendo a chimbalechi. Nambala iyi ndi yako?"

"Ndi ya mnzanga. Yanga ndi yomwe ija, sindinasinthe."

Alcides anadziwa kuti nambalayo Ivo alibe. Anadikira kuti aifunse. Munthu uja anaitananso, Ivo anati aimbanso posachedwa, foni n'kuduka.

Constantino analandira foni yake osayang'ana Alcides kumaso. Anakanda m'mutu, anayang'ana kumsewu. Mnyamata wa mapepala anali akumukodola kuchokera kuchipata, ndipo malole a kutsogolo kwake anali atayamba kusuntha.

"Ndiwauza onse, kunyadu," anatero. "Kuyambira pano mpaka ku Beira adziwa kuti simunkanama. Amene adzakusekeninso adzaona ine."

"Pita, angakulande malo pamzere."

Constantino anathamanga. Lole yake inalira, inafuka utsi, n'kulowa m'chipata.

Alcides anatsala yekha m'baraka. Anakopera chimbale chonse m'kompyuta, poti mawa anthu adzachifuna, ndipo malonda ndi malonda. Atamaliza anabwerera pa nyimbo yomaliza ija n'kutsitsa mawu kuti asamveke kunja. Chidebe chinayambanso. Anamvetsera Ivo akumutchula mbale, akukumbukira phala ndi malaya, akumulira ndi mtima wonse. Panalibe munthu amene anamunenapo mawu okoma chotero chimwalirireni Rosária. Anaganiza zoti pofika mawa nyimboyo idzakhala ikulira m'malole onse a pamsewuwo, anthu osamudziwa akumumvera chisoni, ena akupukuta misozi, akudutsa pakhomo pa baraka yake osaima.