Buku Limene Ndinatumizira Amama

Ndinachoka ku Petauke mbendera yatsopano itangokwera. Ntchito ya mulaibulale inapezeka ku Kabwe, ndipo ine, mwana yekhayo amene anaona sukulu pabanja pathu, sindinaganizenso kawiri. Amama anangoti, "Pita, koma njira usaiwale."

Ntchitoyo ndinaikonda, ndisaname. Masana ndinkadinda mabuku. Madzulo ndinkaphunzitsa akuluakulu a ku Kasanda, azibambo amumgodi ogwira pensulo ngati fosholo. Loweruka ndinkapalasa njinga m'fumbi la mtovu wa kumgodi kukawerengera odwala ndi ofedwa. Mayi wina anasiya kudya mwamuna wake atamwalira. Ndinamuwerengera kabuku ka nthano milungu ingapo, tsiku lina anaseka, n'kupempha phala. "Ba ticha," anatero, "mawu yanu ni mankhwala." Ha! Ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yonse.

Koma ndikabwerera m'kachipinda kanga ku Ngungu, wolankhula naye anali khoma. Malipiro ankathera lendi ndi ufa woimira pamzere, kumudzi n'kumapitako zotsalira.

Kenako inafika kalata ya mlongo wanga Tisauke, yomulembera akatekisiti: "Atate atisiya, tinaika kale. Amama sakudya, sakulankhula. Bwerani."

Ophunzira anga anali pafupi ndi mayeso. Ndinatenga kabuku komwe kanachiritsa mayi uja, ndinakakulunga, n'kupatsira dalaivala wa basi ndi uthenga wakuti ndidzabwera pa Khirisimasi kudzawawerengera ndekha. Taganizani uchitsiru wake! Munthu wofedwa, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ine n'kumutumizira pepala. Khirisimasiyo ndalama inavuta. Yotsatira ndinachita manyazi. Manyaziwo anakula chaka ndi chaka mpaka zinakwana zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo lero ndikamakumbukira mtima umandiwawa.

Nditafika, ndinapeza amama ali pamphasa kuseri kwa nkhokwe, atatha ngati chiputu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osandikalipira. Analowa m'nyumba chokwawa, n'kutuluka ndi kabuku kaja, kokulunga m'chitenje, katsopano ngati ka dzulo.

"Anakaniza aliyense kuwawerengera," anatero Tisauke. "Ngakhale akatekisiti anawabweza. Ankati mwini wake akubwera."

Ndinakhala pansi, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu anga aja otchuka ku Kasanda konse. Ndinawerenga tsamba loyamba, lachiwiri. Amama ankangondiyang'ana kumaso.

"Achimwene, musadzivute," Tisauke anatero akuyang'ana pansi. "Malungo a dzinja latha anawatseka makutu. Samva chilichonse, ngakhale bingu."

Ndinasiya kuwerenga. Buku linangokhala chitsegulire m'manja.

Amama anasendera pafupi, n'kundigwira bondo.

"Yamba tsono, mwanawe," anatero. "Ndadikira nthawi yaitali."