Mabawuti a m'chimbudzi cha bambo

Bambo atafa ziwalo mbali ya kumanzere, imfa sankaiopa ayi. Ankaopa kuti tsiku lina ine, mwana wawo wamkazi, ndidzawanyamula m'chimbudzi. Amayi anali atatisiya kale, mlongo wanga ali ku Joni, pakhomo tinatsala awiriwiri.

Ndiye tinaitana mmisiri wa ku Bembeke. Khoma la chimbudzi linali la njerwa zomangira dothi, loti msomali umazuka ndi zala, choncho anaumba chipilala cha konkire m'katimo, n'kumizamo mabawuti awiri simenti isanaume. Anawaika cham'mphepete, poti mpamene dzanja labwino la bambo linkafika. Kenako anamangirirapo paipi yoti azigwira podzuka.

Konkire itauma tinayesa. Mmisiri anakoka, ine ndinakoka, mpaka tinaponda chipilalacho ndi mwendo n'kukoka tonse awiri. Osagwedera n'komwe.

"Olo ng'ombe singazule, agogo," anatero mmisiriyo.

Bambo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Tonsefe nzeru zinathera pa kukoka. Palibe anaganiza kuti munthu wodwala sakoka chitsulo, amachitsamira, thupi lonse n'kuchikanikizira pansi.

Paipiyo inagwira ntchito nyengo yonse yokumba mbatatesi. Ndinkawaperekeza mpaka pachitseko, ine n'kukaima kuseri kwa nkhokwe ngati ndikufunako kanthu.

M'mawa wina wa chifunga ndinamva phokoso m'chimbudzimo, losakula n'komwe, ngati thumba lagwa panjinga. Ndinadikira kuti bambo aitane. Sanaitane. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu wamwamuna, koma onse anali atatsikira kumadimba. Ndinakankha chitseko.

Choyamba kuona chinali mabawuti. Sanaduke, anangopindikira pansi, ndipo m'mphepete mwa konkire munali mutabenthuka chibenthu chonga mbale. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Mumtima munalibe kanthu, chisoni ayi, manyazi ayi. Ndinkangomva kuzizira kumapazi.

Bambo anali pansi, nkhope atalozetsa kukhoma, dzanja lawo likulimbana ndi buluku lomwe linakodwa m'mawondo. Ndinamasula chitenje changa n'kuwafunditsa, kenako ndinalowetsa manja m'khwapa mwawo chakumbuyo. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

"Tsinzinani, mayi," anatero, osatembenuka.

Pansi panali poterera, dzenje lili pompo. Sindikanatha kuwanyamula nditatsinzina.

"Ndatsinzina, bambo," ndinatero.