Lenzi Yaitali ya Achimwene

Achimwene anga anali ojambula zithunzi. Osati a situdiyo ayi, a panjinga, kamera ili lende pakhosi, kuzungulira Milepa yense mpaka ku Mpama kujambula makanda, makwaya ndi atsikana ogwira duwa lapulasitiki. Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Ndiye ine nditapeza banja anadziguguda pachifuwa pamaso pa abale: "Zithunzi za ukwati wa chemwali wanga ndi mphatso yanga. Wina asavutike." Ine mtima m'malo. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, chithunzi cha ine ndi mwamuna wanga titaima limodzi, choti ndipachike pabalaza.

Koma munthuyo anali atalodzedwa kale ndi magalimoto. Chilimwe cham'mbuyo mwake mumsewu wathu wafumbi munadutsa mpikisano, timagalimoto tolembalemba m'nthiti, tolira kuposa chigayo, nkhuku zili balala. Achimwene anathera pomwepo filimu yathunthu. Atakatsukitsa ku Limbe, zithunzi zonse zinali fumbi lokhalokha, pakati pake kadontho ngati nsabwe. Ati galimotoyo ndi imeneyo. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma iwo sanaseke. Tsiku la mpikisanolo anaona mzungu wina pamphambano ali ndi kamera ya mlomo wautali, ndipo anamva kuti mlomowo ndi lenzi yokoka zakutali. Kuyambira pamenepo nkhani inali lenzi, podya lenzi, ngakhale pamaliro lenzi.

Tsiku lokabwereka diresi ku Limbe tinakwera minibasi imodzi pa Boma. Ndisanaone n'komwe diresilo anandikokera m'sitolo ya mmwenye. Atamva mtengo wa lenzi yatsopano anafunsa mwaulemu ngati akugulitsa pamodzi ndi sitoloyo. Tinatuluka mofulumira.

Kumsika kunali mkulu wina wokonza mawailesi amene ankagulitsanso zakale za makamera. Anatulutsa malenzi m'katoni ya sopo. Yoyamba inali ndi nkhungu m'kati, ukasuzumira ngati kwacha ndi chifunga. Yachiwiri inakana kulowa pakamera, anaipotokola uku ndi uku mpaka thukuta. Yotsiriza inalowa kuti khe, yaitali ngati chigubu cha tiyi, yokalikakalika. Achimwene analoza nayo kutsidya kwa msewu n'kukuwa: "Chemwali! Ndikuona mano a kondakitala!"

"Mano a kondakitala mudzadya?" ndinatero ine.

Za m'thumba zinaperewera. Wamawailesi uja anati palibe vuto, asiye lenzi yaifupi imene inali pakamerapo, ija ankajambulira anthu. Ine ndinawagwira mkono. "Achimwene, nanga ukwati wanga?"

"Iwe, chinthu chojambula galimoto ikuthamanga chingalephere iwe wongoima? Ndidzangosunthira kumbuyo pang'ono."

Pang'ono pakepo ndinapaona tsiku la ukwati. Tchalitchi chathu n'chaching'ono. Abusa akutidalitsa, achimwene anayamba kubwerera chamsana, kuponda mapazi a amvano, kudutsa kwaya, mpaka kutulukira pakhomo. Mkwatibwi sayenera kucheukacheuka, amazyolika, koma ine ndinkaba ndi diso limodzi. Ndinawaona pawindo ataima m'munda wa nandolo wa abusa.

Panja ndiye zinanyanya. Kwathu kuno munthu akaona kamera sadikira kuitanidwa. Wojambula akasiya mpata pakati pa iye ndi wojambulidwa, mpatawo ndi wa aliyense. Achimwene akabwerera kumbuyo, amayi a nthungululu ankadzaza pomwepo, azakhali akukonza duku, amalume atapinda manja ngati nduna. Akakuwa kuti "Tapatukani!" anthu ankayesa akuti "Bwerani!" chifukwa anali patali moti mawu sankamveka, kumangooneka mkono ukukupiza. Amuna anga anandinong'oneza: "Kodi alamu akupita kwawo?" Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma kunena zoona ndinkafuna kulira.

M'mawa mwake diresi linabwerera ku Limbe, suti inabwerera kwa aphunzitsi amene anatibwereka. Zithunzi zinabwera patapita masabata, achimwene atazikulunga m'nyuzipepala, maso ali kumbali. Ndinayala pamphasa. Mphuno ya abusa. Duku la azakhali, lowala bwino zedi. Dzanja la munthu wosadziwika litagwira botolo. Ine ndinatuluka kamodzi, chipumi ndi velo. Amuna anga anatuluka khutu lakumanzere, tsaya pang'ono ndi kolala ya suti yobwereka.

Ndinawalalatira achimwene mpaka agalu a kwa aneba anayankhira. Amuna anga ndiwo anaseka mpaka kugona chagada, ati khutu lawo silinaonekepo bwino chonchi. "Usadandaule mayi, tidzajambulitsa china tikakolola." Tinakolola, tinati chaka chamawa. Ana anabwera, amuna anga anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, kunyumba kumangobwera mwa apo ndi apo. Kenaka anabwera akutsokomola, ataonda, ndipo munthu wotero sumuuza kuti aime umujambule.

Mpikisano uja unadzadutsanso, ndipo lenziyo inagwira ntchito, satana ameneyu. Achimwene anakwera pachulu, kutali ndi anthu, n'kujambula galimoto yathunthu ili m'malere, matayala osagunda pansi. Woyendetsa akuoneka bwinobwino, ndevu zomwe, munthu woti sitikumudziwa ngakhale dzina. Chithunzicho anachiika m'felemu kwawo.

Mwana wanga wotsiriza bambo ake sawakumbukira, anali kumsana pamene tinkawaika. Ali sitandade 2 anabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa kuti kodi ababa ankaoneka bwanji. Ndinatsegula sutikesi n'kumupatsa chithunzi chawo cha paukwati chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuchitembenuza, kuyang'ana kuseri ngati kwinako kuli komweko. Kenaka anagwira khutu lake, n'kundifunsa ngati likufanana.