Kamutu kamene ndinakakankha

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo anga, telala wa ku Biwi, anapeka nyimbo yoti kwaya yathu ikayimbe pa mpikisano ku Area 25. Iwo ankalemba nyimbo m'njira ya do-re-mi, koma oweruza anafuna manotsi a pamizere isanu, omwe bambo sankatha kuwerenga. Mu ofesi ya tchalitchi munali kompyuta yakale yokhala ndi pulogalamu yolembera nyimbo, ndipo kunyumba kwathu wodziwa kugwira mausi ndinali ine ndekha. Ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Masana aliwonse bambo ankanditchulira, ine n'kumalowetsa. Manotsi oyimbidwa nthawi imodzi ankaima pa kandodo kamodzi, timitu tawo takuda titasanjikizana bwinobwino. Koma pa mawu akuti "misozi", pomwe alito amayimba fa, sopulano n'kuyimba so, kompyuta inaika kamutu kena kumanzere kwa kandodo, kena kumanja. Zinandinyansa. Mwana wa telala sasiya msoko wokhota. Bambo atatuluka, ndinakankha kamutu kakumanjako mpaka kanakwera pa kanzake, ndipo tonse tiwiri tinaoneka ngati kadontho kamodzi konenepa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti pepala la nyimboyo liperekedwe kwa oweruza, a Chisale, woyimba kiyibodi, anayesa nyimboyo kwaya yonse ikumva. Atafika pa "misozi", bambo anakweza dzanja.

"Achimwene, alito mwamusiya kuti?"

"Palibe apa, abambo," anayankha a Chisale. "Notsi ndi imodzi."

Bambo anatenga pepalalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali, chonsecho sakanatha kuona cholakwikacho. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinaulula ndekha. Amayi a mu alito anandiyang'ana cham'mbali. Ndinadziwa kuti lero khutu likokedwa.

Sanandikoke. Anandiimika pambali pawo.

"Gwira fa, usasunthe."

Ndinagwira, iwo n'kuyika so pamwamba pake. Mawu athu anakhulana, ndipo ndinamva kanthu kakunjenjemera pachifuwa. Ndinafuna kuthawira ku notsi yawo, koma anandiletsa ndi chala.

"Wamva kuwawako? Ndinaikamo dala. Misozi sikoma, mwanawe."

Kenako a Chisale anandionetsa pa kompyuta kuti manotsi oyandikana chotere sangakwane mbali imodzi. Kamutu kena kamapatuka kuti tonse tioneke. Makinawo sanalakwitse. Ndinabweza kamutuko pamalo pake, tinasindikizanso, ndipo m'mawa mwake pepala linapita.

Pa mpikisanopo tinakhala achitatu, koma woweruza wina anazungulira malo aja ndi cholembera chofiira n'kulemba kuti apa wopeka akudziwa chimene akuchita. Bambo anandipempha kuti ndiwawerengere mawuwo kawiri.

Masiku ano ndimalembera makwaya angapo nyimbo zawo, ndipo ambiri mwa opekawo sawerenga mizere isanu. Ndinazindikira mochedwa chimene bambo anandipatsa chaka chija: anapereka nyimbo yawo m'manja mwanga podziwa kuti sangathe kuona zomwe ndachita nayo. N'chifukwa chake ndikaona pamene pakundinyansa, ndisanakhudze mausi, ndimayamba ndamuuza mwini wake kuti andiyimbire.